Asanatseke zitsime za mafuta pogwiritsa ntchito bismuth, amve kaye za ku labotale

Malamulo a ku Norway oyendetsera zitsime za mafuta ndi gasi, otchedwa NORSOK D-010, amati chitsime chikatha ntchito chitsekedwe moti chisadzatulutsenso kanthu mpaka muyaya. Saika malire a zaka 50 kapena 500. Amene analemba zimenezi sanali kubwebweta. Makilomita awiri, atatu kapena kuposa apo pansi pa nthaka kumatsala gasi ndi madzi amchere zothinana kwambiri, ndipo dzenje lomwe munthu anabowola ndilo njira yachidule yoti zikwerere kumtunda. Kampani yomwe inabowola idzagulitsidwa, idzasintha dzina, mwinanso idzagwa. Boma lomwe linapereka chilolezo lidzasintha kambirimbiri. Dzenje lokhalo lidzakhala lili pomwepo, ndipo chomwe chidzatchinge gasiyo kuti asafike m'madzi akumwa ndi mumpweya ndi chitsekerero chomwe anthu ena anaika tsiku lina, diso lili pa wotchi ndi pa bajeti.

Kwa zaka zoposa 100, chitsekerero chimenechi chakhala simenti. Tsopano kwabwera china: zitsulo zosakaniza zomwe gawo lake lalikulu ndi chitsulo chotchedwa bismuth, zomwe amazisungunulira m'kati mwa chitsime momwemo n'kuzisiya zilimbe. Makampani ena anayamba kale kuzigwiritsa ntchito, ndipo m'mayunivesite, monga ya NTNU mumzinda wa Trondheim, ophunzira a digiri ya PhD akutha zaka zitatu kapena zinayi akuyesa ngati zitsulozi zingachitedi zomwe akuzitamandirazo. Ine ndaima ndi ophunzirawa. Bismuth ndi nzeru yabwino koposa yomwe ntchito yotseka zitsime yaona pa nthawi yaitali, ndipo n'chifukwa chake ndikuopa kuti phuma lingaiononge. Asavomerezedwe kukhala chitsekerero chachikulu pongomvera ogulitsa. Avomerezedwe potengera zomwe apeza anthu omwe sadyapo kanthu pa malonda ake, ndipo zomwe apezazo zikhale poyera, zokoma ndi zowawa zomwe.

Chitsime cha mafuta chimamangidwa m'magawo. Akabowola gawo loyamba amatsitsa paipi yachitsulo yaikulu, n'kupopera simenti yamadzimadzi m'kati mwake mpaka itulukire kunsi ndi kukwera kunja, kudzaza mpata wa pakati pa paipi ndi thanthwe. Kenako amabowola mopitirira, amatsitsa paipi yocheperako m'kati mwa yoyamba ija, simenti kachiwiri, choncho choncho mpaka kufika pamene pali mafuta. Ikafika nthawi yotseka, amazula paipi ya pakati yomwe mafuta ankakwereramo, n'kuthira simenti m'malo angapo. Ku Norway simenti ya malo amodzi iyenera kutalika mamita 100, kapena mamita 50 ngati yakhala pa chotchinga cholimba chomwe chayesedwa kale. Nthawi zambiri ntchito imeneyi imafuna nsanja yobowolera yathunthu, ndipo ya panyanja imadya madola masauzande mazanamazana pa tsiku limodzi. Ku mbali ya Britain ya nyanja ya North Sea, kutseka zitsime kokha kumatenga pafupifupi theka la ndalama zonse zophwasulira malo okumbako mafuta. Sungani nambala imeneyi m'mutu, chifukwa ndiyo ikuthamangitsa aliyense.

Simenti sindikuinyoza. Ndi yotsika mtengo, imapezeka paliponse, ndipo chiyambire pamene Erle P. Halliburton anatsegula kampani yake yothira simenti m'zitsime mu 1919, amisiri aidziwa kunja ndi m'kati. Koma zofooka zake n'zodziwikanso. Ikamauma imakhwinyata pang'ono, n'kusiya kampata kosaoneka ndi maso pakati pake ndi paipi, ndipo gasi safuna khomo lalikulu. Poithira imasakanikirana ndi matope obowolera omwe ali kale m'chitsime, moti mbali ya pamwamba ndi ya pansi ya chitsekerero nthawi zina siuma bwino n'komwe. Chitsime chikamatentha ndi kuzizira, paipi imafutukuka n'kubwerera, koma simenti siitha kutsatira, imangong'aluka. Mpweya wa carbon dioxide ukasungunuka m'madzi umapanga asidi yemwe amaidya pang'onopang'ono. Mamita 100 aja, mmene ine ndimawaonera, ndi kuvomereza zofooka zimenezi: thirani yambiri, mwina penapake pakati ikhala yabwino.

Pa 20 Epulo 2010, ogwira ntchito pa nsanja ya Deepwater Horizon, m'nyanja ya Gulf of Mexico, anali m'kati motseka chitsime cha Macondo mongoyembekezera. Simenti ya kunsi sinagwire, ndipo pamene anayesa kuti aone ngati yatseka, anatanthauzira molakwika zomwe mageji ankaonetsa. Anthu 11 anafa, mafuta anakhuthukira m'nyanja masiku 87. Imeneyo dziko lonse linaiona pa kanema. Zambiri sizichita phokoso chotero. Mu Ogasiti 2021, gasi wochokera pansi anaphulika pakati pa tauni yaing'ono ya Wheatley ku Ontario, m'dziko la Canada, n'kugwetsa nyumba ndi kuvulaza anthu pafupifupi 20, ndipo ofufuza atakumba anapeza zitsime zakale zomwe anthu anali ataziiwala. Unyinji wa zitsime zothawitsa gasi suphulika n'komwe, umangopumira methane kumwamba usana ndi usiku, mpweya womwe pa zaka 20 umatenthetsa dziko kuwirikiza pafupifupi ka 80 poyerekeza ndi carbon dioxide.

Amene anaonetsa dziko kuti kupumira kumeneku si nkhambakamwa anali wophunzira wa PhD. Mary Kang, ali pa yunivesite ya Princeton, anapita m'nkhalango za Pennsylvania ku America, chigawo chomwe Edwin Drake anabowolako chitsime chotchuka cha mu 1859, n'kumavundikira mitu ya zitsime zosiyidwa ndi mabokosi osatulutsa mpweya kuti ayeze zomwe zikutuluka. Anayeza zitsime 19, ndipo zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2014. Zonse zinkatulutsa methane, ndipo zochepa mwa izo zinkatulutsa wambiri zedi kuposa zinzake. Pofika 2018, bungwe la boma la America loona za chilengedwe la EPA linayamba kuwerengera zitsime zosiyidwa pa mndandanda wa zinthu zoononga mpweya. Zitsimezo zinalipo kwa zaka zoposa 100, makampani olemera analipo, koma amene anagwada m'matope ndi bokosi anali mwana wa sukulu.

Tsono bismuth amachita chiyani chomwe simenti imalephera? Pafupifupi chinthu chilichonse chamadzimadzi chikamalimba chimachepa. Madzi ndi amodzi mwa zinthu zochepa zomwe zimachita mosiyana, n'chifukwa chake botolo lodzaza limasweka mukaliiwala mufiriji yoziziritsa kwambiri. Bismuth ali ndi khalidwe lomwelo. Amasungunuka pa madigiri 271, ndipo akamalimba amafufuma ndi maperesenti oposa 3 pang'ono. Mukamusakaniza ndi chitsulo cha tini, magawo 58 a bismuth ndi 42 a tini, chosakanizacho chimasungunuka pa madigiri 138 okha. Chitsulo chosavuta kusungunula, chomwe chikamazizira chimadzikanikiza chokha ku makoma a paipi m'malo mowathawa: wina aliyense amene anavutikapo ndi simenti yokhwinyata akamva zimenezi makutu amaima.

Kaikidwe kake n'kosiririka. Amatsitsa hita pa waya, popanda nsanja yobowolera. M'hitamo mumakhala thermite, ufa wa aluminiyamu wosakaniza ndi ufa wa dzimbiri la chitsulo, womwe Hans Goldschmidt anautulukira m'zaka za m'ma 1890 ndipo mpaka lero amawotcherera nawo njanji. Ufa umenewu sufuna mpweya wa kunja kuti uyake, moti umayaka ngakhale pansi pa madzi. Chitsulo cha bismuth chimakhala chokutira hitayo, kapena amachigwetsera kuchokera kumtunda chili timibulu. Akayatsa, chimasungunuka n'kukhala chamadzimadzi ndithu, osati phala, ndipo poti n'cholemera kuposa madzi kasanu ndi katatu kapena kuposa apo, chimakankha madzi ndi matope onse n'kukhazikika pa chotchinga chomwe anaika kunsi. Chimalowa m'timaenje ta dzimbiri, m'ming'alu, m'mabowo omwe anaboola pa paipi. Amakoka hita ija chisanalimbe, ndipo pakapita maola ochepa pamakhala chitsekerero cha mamita ochepa chabe, chachitsulo chokhachokha, chopanda timibowo ta m'kati tomwe simenti imakhala nato. Ku Valhall, m'nyanja ya North Sea, kampani ya Aker BP yagwiritsa ntchito zitsekerero za mtundu umenewu, zopangidwa ndi kampani ya BiSN, potseka zitsime zakale. Bismuth alibenso poizoni woopsa ngati mtovu. Amapezeka ngakhale m'mankhwala ena a m'mimba. Koma zitsulo zakale zosungunuka msanga, monga Wood's metal, zili ndi mtovu ndi cadmium, ndipo zimenezo zisayandikire madzi a pansi pa nthaka.

Zonsezi n'zoona. Mafunso amayambira pamene kabuku ka otsatsa malonda kathera.

Kufufuma kwa maperesenti 3 kuja ndi kwa bismuth wosasakaniza. Mukaonjezera tini, yemwe amakhwinyata ngati zitsulo zina zonse, kufufumako kumatsika mpaka kusafika peresenti imodzi. Komanso chitsulo chofufuma sichidziwa kuti inu mukufuna chikankhe cham'mbali. Chimapita komwe kuli mpata, ndipo ngati pamwamba pachedwa kulimba, gawo lina la kufufumako limathera kukwera m'mwamba. Zimadalira kuti mbali iti yayamba kuzizira, ndipo zimenezo zimadalira madzi omwe ali m'chitsime, thanthwe lozungulira, ngakhalenso liwiro lomwe akokera hita. Chikalimba pa madigiri 138 chimapitiriza kuzizira mpaka kufanana ndi chitsime, ndipo pozizirapo chimabwerera m'kati mochulukirako pang'ono kuposa paipi yachitsulo. Gawo lina la mphamvu yomwe chinakanikiza nayo limatayika pomwepo. Dziwaninso kuti bismuth samamatirana ndi paipi ngati zitsulo zowotcherera. Amangoigwira mothina. Kuthinako kukatha, chitsekerero chatha.

Funso lomwe limandisowetsa mtendere kwambiri ndi la kutentha. Pansi pa nthaka kumatentha moonjezereka ndi madigiri 25 mpaka 30 pa kilomita iliyonse, moti pa makilomita atatu mumapeza madigiri 90 kapena 100. Kwa paipi yachitsulo, yomwe imasungunuka pa madigiri oposa 1,400, kutentha kumeneku si kanthu. Kwa chitsulo chomwe chimasungunuka pa 138, kumeneku n'kukhala pakhomo pa kusungunuka moyo wake wonse. Amisiri a zitsulo amadziwa kuti chitsulo chikakhala pafupi chotero ndi malire ake, kwinaku chikukankhidwa kosalekeza, chimasintha maonekedwe mwakachetechete, kadontho pa chaka, ngakhale mphamvu yokankhayo ili yochepa. Khalidwe limeneli lingatithandize, chifukwa chitsulo chofewa chingatseke chokha kampata komwe katseguka. Lingatipwetekenso, chifukwa kuthina kuja kungamasuke, gasi wa kunsi n'kuyamba kusuntha chitsekerero chonse. Timagawo ta bismuth ndi tini ta m'kati mwa chitsulocho nato timakula pakapita nthawi, ndipo kulimba kwake kumasintha. Pa zitsime zotentha kwambiri amasakaniza bismuth ndi siliva pang'ono, kuti chisungunuke pa madigiri oposa 260, koma chosakaniza chimenecho chimatengera bismuth khalidwe losweka msanga. Njira iliyonse ili ndi mtengo wake, ndipo kusiyana kwa chitsekerero chogwira zaka 10 ndi chogwira zaka 1,000 kwabisala m'zinthu zing'onozing'ono zimenezi.

Palinso nkhani ya dzimbiri. Otsatsa amanena zoona akamati bismuth sachita dzimbiri msanga. Koma zitsulo ziwiri zosiyana zikakhudzana m'madzi amchere zimapanga batire, ndipo chofooka pa ziwirizo ndicho chimadyeka. Apa chofooka ndi paipi. Chitsekerero chingakhale chili chonyezimira pakati, paipi yomwe chagwirayo ikutha m'mbali mwake. Nanga simenti yakale ya kuseri kwa paipi, ikalandira moto wa thermite mwadzidzidzi, paipi n'kufutukuka kenako n'kubwerera, imatsala bwanji? Pa zitsime zambiri zothawitsa gasi, njira ya gasiyo imakhala kuseri kumeneko, ndipo kutseka m'kati mwa paipi mokha sikuithetsa. Pamafunika kudula kapena kuboola paipi kuti chitsulo chosungunukacho chifike pa thanthwe lenileni. Ndiye pabuka funso lina: chitsulo chimagwira bwanji pa thanthwe lonyowa, lokhala ndi matope, lomwe langotenthedwa kumene?

Amene akuyankha mafunso amenewa ndi wophunzira wa PhD woyesa bismuth mulabotale. Amadula kachidutswa ka paipi, amakatenthetsa mu uvuni mpaka kafanane ndi kutentha kwa pansi, amathiramo chitsulo chosungunuka n'kudikira. Kenako amapopera gasi wa nitrogen kunsi, n'kumakweza mphamvu pang'onopang'ono, maso ali pa geji ya kumtunda kuti aone nthawi yomwe mpweya uyambe kudutsa. Amaika kachidutswa kena pa makina okankha kuti adziwe mphamvu yomwe ingasunthe chitsekererocho. Amachita chimodzimodzi ndi paipi yadzimbiri, yopaka mafuta, yodzaza madzi amchere, yodzaza matope. Amacheka pakati, amapukuta mpaka pachite ngwee, n'kuyang'ana pa maikulosikopu mzere womwe zitsulo ziwirizo zakumana. Zidutswa zina amazimiza m'madzi amchere otentha n'kuzisiya miyezi. Pambali pake amaika chitsekerero cha simenti cha msinkhu womwewo, kuti pakhale chofanizira. Ndi ntchito yobwerezabwereza, yopanda chisangalalo cha tsiku ndi tsiku, koma akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Makampani nawonso amayesa, ndipo ena ali ndi zipangizo zoposa za yunivesite. Kusiyana kwake kuli pa cholinga. Kampani imayesa kuti ipeze chiphaso chogulitsira, ndipo mayeso omwe alephereka amatsekeredwa m'kabati ngati chinsinsi cha malonda. Sindikuti ndi akuba. Umu ndi mmene malonda amayendera kulikonse. Wophunzira wa PhD amayesa kuti apeze pomwe chinthu chimathyokera, chifukwa pamenepo ndi pamene pali nkhani yolemba. Zomwe walemba zimadutsa m'manja mwa akatswiri ena asanazisindikize, ndipo ku Norway amaziteteza pa bwalo lotseguka kwa aliyense, akufunsidwa ndi akatswiri ochokera kunja kwa yunivesite yake. Bukulo limakhala mulaibulale, moti amene adzafune kudziwa pakatha zaka 40 chifukwa chomwe chitsekerero china chalepherera adzakhala ndi poyambira.

Ena anganene kuti kachidutswa ka paipi ka pa tebulo si chitsime, ndipo zaka zitatu sizingayeze muyaya. Akunena zoona, ndipo pa bismuth vutoli n'lalikulu kuposa pa zinthu zina. Njira yodziwika yokalambitsira chinthu msanga mulabotale ndi kuchitenthetsa kwambiri, koma chitsulo chosungunuka pa 138 simungachitenthetse patali musanasinthe khalidwe lake lonse. Ichi si chifukwa chonyozera labotale. N'chifukwa choilumikizira ndi zitsime zenizeni. Pakhale zitsime za pamtunda zomwe zatsekedwa ndi bismuth koma zasiyidwa zofikirika, zili ndi zipangizo zoyezera, zoti zidzayang'aniridwe zaka 20 kapena 30. Zitsekerero zina zidzatulutsidwe n'kuchekedwa. Wophunzira wa lero aike, wa zaka 10 zikubwerazi adzazule. Kufikira nthawi imeneyo, bismuth alowe m'magawo: pokonza zitsime zomwe simenti yalephera kale, pa zitsekerero za kumtunda komwe n'kozizira, kapena pamodzi ndi simenti kuti chimodzi chikafooka chinzake chigwire. Kumusiya yekha kunsi kotentha, popanda china chomuthandiza, kudikire umboni.

Mfundo yachiwiri yotsutsa ndi yamphamvu kuposa yoyambayo, ndipo ndimaimvera chisoni. Amati: simenti sinadutsepo m'mayeso ngati amenewa. Inalowa m'malamulo chifukwa ndiyo inalipo. Tikudziwa kuti imathawitsa gasi, koma chatsopano chokha ndicho tikuchiuza kuti chitsimikize muyaya, uku methane akutuluka lero. Kukondera kumeneku kulipodi. Koma mankhwala ake si kutsitsa mpanda kuti bismuth adumphe mosavuta. Simenti nayo ikwere pa sikelo yomweyo. Malamulo ambiri amafunsa kutalika kwa chitsekerero, pamene funso lenileni ndi lakuti chimadutsitsa gasi wochuluka bwanji, pa mphamvu yanji, kwa nthawi yaitali bwanji. Lamulo likafunsa zimenezo, mamita atatu a bismuth ndi mamita 100 a simenti adzafanizidwa mwachilungamo, ndipo wopambana adzapambana. Nambala zoti lamulo lotere liimepo sizingachokere kwina kulikonse koma ku mayeso ofanizira omwe ndafotokoza aja.

Za ndalama sindibisa mawu. Kafukufuku wambiri wa mtundu umenewu amalipiridwa ndi boma pamodzi ndi makampani a mafuta, monga zilili ku likulu la kafukufuku la SWIPA lomwe bungwe la SINTEF likutsogolera ku Norway. Ndalama za makampani si tchimo, ndipo popanda iwo wophunzira sangaone chitsime chenicheni. Koma pakhale mfundo imodzi yosagwedezeka: wopereka ndalama asakhale ndi mphamvu yoletsa kusindikiza zotsatira zomwe sizinamukomere. Ku Norway makampani a mafuta amakhoma msonkho wa maperesenti 78 pa phindu lawo, ndipo ndalama zotsekera zitsime amazichotsera pa phindulo asanakhome. Kunena kwina, gawo lalikulu la bilu yotsekera limagwera anthu wamba. Amene akulipira ali ndi ufulu wodziwa zomwe zaikidwa pansi pa nyanja yawo, kuphatikizapo maulendo omwe thermite sanayake bwino kapena chitsekerero chinalephera mayeso. Kuika kulikonse kwa bismuth m'chitsime chenicheni kulembedwe m'kaundula wotseguka kwa ofufuza.

Ndikuumirira chonchi chifukwa kutseka chitsime sikubweretsa khobidi. Pobowola, kampani ikachita bwino imapeza mafuta ambiri. Potseka, ikachita bwino imapeza chete, ndipo ikachita mwachinyengo imapezanso chete yemweyo, kwa zaka zingapo. Pa ntchito yotere, njira yotsika mtengo imapambana yokha ngati palibe woilondera. Mbiri ikuonetsa komwe bilu imathera. Ku Alberta zinatengera bwalo lalikulu la milandu la Canada, pa mlandu wa Redwater mu Januwale 2019, kugamula kuti chuma cha kampani yomwe yagwa chiyambe chakonza zitsime zake ongongoza asanagawane. Chaka chotsatira boma la Canada linatulutsabe madola 1.7 biliyoni a dzikolo okonzera zitsime zosiyidwa. Mu 2021 America inaika padera madola 4.7 biliyoni otsekera zitsime zamasiye, zomwe eni ake anasowa. Panyanja zinthu n'zovutirapo, chifukwa akamaliza kutseka amadula mutu wa chitsime mamita angapo pansi pa mchenga wa m'nyanja n'kuchoka. Chitsekerero chikadzalephera pakatha zaka 60, sipadzakhala pogwira kuti mulowenso, ndipo kampani yomwe inasunga ndalama posagwiritsa ntchito nsanja yobowolera mwina idzakhala itaiwalika.

Tiwerengenso bismuth mwiniwakeyo. Palibe migodi yambiri yokumba iye yekha; amapezeka ngati chotsalira poyenga mtovu ndi tungsten. Dziko lonse limatulutsa matani pafupifupi 20,000 pa chaka kapena kucheperapo, ndipo magawo pafupifupi 80 pa 100 alionse amachokera ku China. Mu Febuluwale 2025 dziko la China linaika malamulo okhwima pa katumizidwe ka bismuth kunja, mtengo wake n'kukwera kangapo m'milungu yochepa. Tengani paipi yotambalala masentimita 22 m'kati, muikemo chitsekerero cha bismuth ndi tini chotalika mamita awiri. Chilemera makilogalamu pafupifupi 650, ndipo 380 mwa iwo ndi bismuth. Mutatenga bismuth yense wa chaka chathunthu, osasiyako wa mankhwala kapena wowotcherera zipangizo zamagetsi, mungapange zitsekerero pafupifupi 50,000. Ku America kokha zitsime zosiyidwa n'zoposa 3 miliyoni, ndipo zoposa theka sizinatsekedwe n'komwe. Aliyense wonena kuti bismuth alowa m'malo mwa simenti sanagwire pensulo. Chitsulochi n'chosowa, ndipo chiyenera kupita pomwe china chilichonse chalephera. Apanso tikufuna wofufuza: chitsekerero chingafupike mpaka pati chisanakhale choopsa, ndipo bismuth angachepetsedwe mpaka pati m'chosakanizacho kufufuma kusanathe?

Malo omwe ndikuona kuti bismuth adzafunika kwambiri ndi omwe dziko likufuna kusungako carbon dioxide pansi pa nthaka. Ku Sleipner, malo okumbako gasi a Norway m'nyanja ya North Sea, akhala akupopera mpweya umenewu pansi pa nyanja kuyambira 1996, ndipo ntchito ina ya ku Norway yosungira mpweyawu, yotchedwa Northern Lights, inayamba kulandira wochokera ku mafakitale mu 2025. Malo ambiri oyenera kusungirako ndi omwe anabowoledwa kale pofunafuna mafuta, moti thanthwe lomwe likuyenera kukhala chivindikiro lili ndi mabowo akale, otsekedwa ndi simenti ya nthawi yomwe palibe ankaganiza za asidi. Chitsime chimodzi chothawitsa chingathe kufafaniza phindu la ntchito yonse. Ngati chitsulo chingapirire pomwe simenti imadyeka, mpata wake ndi umenewu. Koma carbon dioxide wonyowa amadyanso paipi yachitsulo, ndipo batire ija ya zitsulo ziwiri imagwira ntchito mwamphamvu m'madzi a asidi. Ndikanakhala ndi mphamvu pa thumba la kafukufuku, ndalama zoyamba zikanapita pamenepa: bismuth wogwira paipi ndi bismuth wogwira thanthwe, m'madzi amchere odzaza carbon dioxide, pa kutentha ndi mphamvu za pansi, kwa zaka zoposa za digiri imodzi, ndi mgwirizano wolembedwa kuti wophunzira wotsatira adzalandira zidutswazo pamodzi ndi mabuku onse a mulabotale, ndipo zomwe adzapeze zidzasindikizidwa kaya opereka ndalama akondwa kaya ayi.